Mayi Glenys Kumbuyo kwa Pikapu

A Merv Dunstan atapuma ntchito ku nkhokwe za tirigu za padoko, chinthu choyamba chimene anachita ndi kugula pikapu yatsopano yoti izikoka boti limene ankagawana ndi mnzawo Stavros Kapetas. Mkazi wawo, mayi Glenys, ananena kuti galimoto yakale ija inali isanadandaule ndi tsiku limodzi lomwe, koma a Merv akaika mtima pa chinthu sankamva za munthu.

Chimene ankanyadira kwambiri pa pikapuyo chinali kamera ya kumbuyo. Ukangoika giya ya rivesi, kagalasi ka pambali pa chiwongolero kankaonetsa zonse zakumbuyo, ndi timizere tokuuza pokhotera. Zoona zake n'zakuti khosi la a Merv linali litauma, losafuna kutembenuka, koma iwo ankauza anthu kuti munthu umayenera kuyenda ndi nthawi.

Loweruka lina m'mawa analonjeza kuti achotsa masamba m'ngalande za denga. Koma nyanja inali bata, ndipo Stavros anali ataimba kale foni kuti nsomba zikudya. A Merv anatenga mbedza zawo mwakachetechete, analowa m'pikapu, n'kuika rivesi. Pagalasi panatulukira mayi Glenys. Anali atathamanga kuchokera kukhitchini, ali mu gauni wawo wamaluwa wodzukira, tsitsi lili nyankhalala, pakamwa pali yasa, chala chikuloza galimoto. A Merv anachita ngati sanaone. Anaika giya yakutsogolo, n'kudutsa pa kapinga, kutulukira geti la kumunda.

Atafika kwa Stavros anakhota kuti akoke ngolo ya boti. Anaika rivesi, n'kuponda buleki mwamphamvu mpaka chipewa chinawagwera pamphuno. Mayi Glenys anali chiimire kumbuyo kwa galimoto, chala chili chiloze.

Anatsika n'kupita kukaona. Kumbuyoko kunalibe munthu, kunali boti ndi galu wa Stavros akudzikanda.

"Mwatani akulu?" anafunsa Stavros. "Nkhope yachita kutuwa ngati mwaponda njoka."

"Mayi akunyumba anditsatira."

"Wapansi? Kuchokera kutsidya lonse lija, atavala masilipasi?"

Stavros analowetsa mutu pawindo, anayang'ana pagalasi, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi pa tayala la ngolo. Anazimitsa injini, n'kuilizanso. Anapukuta kamera ndi malaya. Mayi Glenys sanasunthe. Chithunzi chija chinali chitauma m'menemo, ndipo nthawi iliyonse giya ikalowa rivesi chinkabwera chomwecho.

Tsiku limenelo a Merv anabwerera m'mbuyo kukakoleka ngolo Stavros akuwakuwira "kumanzere, kumanzere kwanu kwenikweni," ndipo nsomba anapha zochepa chifukwa Stavros akangoponya mbedza ankayambanso kuseka.

M'tauni yaing'ono nkhani siigona panjira. Pofika Lachisanu, amuna onse a ku kalabu ya asodzi anali atamva. A Merv akangoimika pikapu, anthu ankatuluka ndi matambula awo m'manja.

"A Merv, tationetsani mayi."

Poyamba ankakana. Kenako anayamba kulola, chifukwa chiyambire kupuma ntchito palibe amene ankawathamangira chonchi. Ankakwera, n'kudikira kaye kuti onse aunjikane bwino, n'kulowetsa giya pang'onopang'ono ngati wotsegula mphatso.

"Ineyo ndikanakhala ndi kamera yotere, bwenzi ndikufika kunyumba dzuwa lisanalowe," anatero Col Hennessy, amene ankagulitsa nyambo.

"Iweyo sufunika kamera," anayankha Stavros. "Mkazi wako amamveka ngakhale uli pakati pa nyanja."

Vuto linali limodzi. Mayi Glenys anali ndi kagalimoto kawo, koma popita kutchalitchi ndi kokagula zinthu ankakwera pikapu. Choncho a Merv anasiyiratu kubwerera m'mbuyo mkazi wawo ali m'galimoto. Kunyumba ankalowera geti lakutsogolo n'kutulukira la kumunda, mpaka kapinga anachita njira. Kusitolo ankasiya malo abwino pakhomo penipeni n'kukaima kutali, kumene ukhoza kuchoka molunjika. Tsiku lina atapitirira nyumba ya mlamu wawo, anazungulira msewu wonse mpaka kusukulu kuti abwerere.

"Bwanji osangobwerera pang'ono?" anafunsa mayi Glenys.

"Injini yatsopano imafuna kuyenda."

Mayi Glenys anawayang'ana nthawi yaitali. Madzulo ake a Merv anawamva akulankhula pa foni ndi mwana wawo Bronwyn wa ku mzinda wa Adelaide, motsitsa mawu: "Bambo ako maso ayamba kuvuta, koma akubisa." Sabata yotsatira anawapititsa kokayezetsa maso. A Merv anawerenga zilembo zonse mpaka mzere wapansi, ndipo mayi Glenys anabwerera kunyumba ali ndi nkhawa yoposa poyamba, poganiza kuti ngati si maso ndiye kuti ndi mutu.

Nthawi yomweyo n'kuti kampani yopanga galimotozo italengeza kuti pikapu zonse za mtundu umenewo zibwerere kwa ogulitsa kuti zikakonzedwe ulere. Pa wailesi ananena kuti kamera zake zimauma chithunzi: woyendetsa amaona kumbuyo kuli mbee pamene kwaima munthu. Bronwyn anamva, n'kuimbira bambo ake.

"Adadi, yanu ili m'gulu lomwelo. Mwaipititsa?"

"Yanga ndi yosiyana, mwanawe. Zinazo zimabisa munthu amene alipo. Yanga imaonetsa munthu amene palibe. Ndiye ngozi ichokera kuti?"

"Munthu wake ndani?"

"Palibe. Ndangonena mwachitsanzo."

"Adadi, ipititseni."

A Merv anati apita nayo. Koma ogulitsa galimoto anali kutali, ulendo wa theka la tsiku, ndipo a Merv ankadziuza kuti ayendetsa mathirakitala ndi malole moyo wawo wonse opanda kamera. Komanso, ngakhale izi sankazinena, Lachisanu ku kalabu kukanakhala kozizira.

Kenako kunabwera tsiku la chionetsero cha pasukulu ya pulaimale, limene tauni yonse imasonkhana pabwalo la mpira. Mayi Glenys anaphika makeke oti akagulitse pa tebulo la amayi a tchalitchi. A Merv anaimika pikapu kumapeto kwenikweni kwa bwalo, mphuno italoza kumsewu, n'kupita kukathandiza Stavros kuwotcha masoseji. Masana atabwerera anapeza lole ya ozimitsa moto, imene inabwera kudzaonetsa ana, itaima kutsogolo kwawo ndendende. Ana anali piringupiringu pamwamba pake, ndipo woyendetsa sankaoneka.

"Tiyeni," anatero mayi Glenys, atakhala kale pampando, mbale zopanda kanthu zili pamiyendo. "Miyendo yanga yatupa."

"Tidikire pang'ono, achotsa lole."

"Kumbuyoku kuli malo okwana ndege. Bwererani."

A Merv anavula chipewa, anachikoleka pa kagalasi kaja ngati angochiika, n'kulowetsa rivesi. Mayi Glenys, amene sakonda zinthu zokhala posayenera, anachichotsa.

Pagalasi panaoneka chithunzi chija. Mayi Glenys anayang'ana mayi Glenys. Anavala magalasi awo owerengera n'kuyang'ananso.

"Merv. N'chiyani ichi?"

"Ndi vuto la ku fakitale. Si ine."

"Gauni ameneyu ndinavala kalekale, mvula isanathe. Chakhala m'menemu nthawi yonseyi?"

"Chimangobwera chokha."

"Ndani wachiona?"

"Anthu ochepa."

"Ochepa angati?"

A Merv anatembenuka kuti afotokoze bwino, manja onse ali m'mwamba, ndipo phazi linafewa pa buleki. Pikapu inatsetsereka cham'mbuyo pang'onopang'ono. Kunamveka kuphwanyika kwa chitsulo, kenako kulira kwa mwana.

A Merv sanadziwe kuti anatsika bwanji. Pansi pa tayala panali kanjinga ka mwana, katapindika ngati waya. Chapafupi, mkono umodzi wokha kuchokera pa tayalalo, panaima kamtsikana kakang'ono, aisikilimu ali m'manja, kakulira. Kanali katangotsika kumene panjingapo kuti kanyambite bwino aisikilimuyo. Mayi ake, Tegan Marsh, namwino wa kuchipatala cha m'tauni, anafika akuthamanga, anakanyamula, n'kukagwiragwira mutu ndi miyendo. Kanalibe bala. Kankalirira njinga.

A Merv anayang'ana kanjinga kaja pansi pa tayala. Anagwira chitseko cha pikapu, kenako anakhala pansi pa udzu. Tegan, mwana ali m'manja, anawayang'ana, ndipo ukali umene anabwera nawo unachita ngati wasowa potera.

"A Dunstan, pumani bwinobwino. Mwana ali bwino. Koma galimoto yanuyi si ija akunena pa wailesi?"

"Ndi yomweyo," anayankha mayi Glenys, ataima pambali pa mwamuna wawo. "Ikupita Lolemba. Makiyi ndisunga ine."

Stavros anabwera ndi epuloni yake yamafuta, anaona zimene zachitika, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi sanaseke. Anakoka kanjingako pansi pa tayala n'kukaika kumbuyo kwa pikapu.

Lolemba anayendetsa ndi mayi Glenys, atakankhira mpando kutsogolo mpaka mawondo kugunda chiwongolero. Msewu unali wowongoka pakati pa minda ya tirigu.

"Ndiye n'chifukwa chake Col Hennessy amandiloza chala akamandipatsa moni," anatero mayi Glenys. "Ine kumaganiza kuti wayamba kudwala manja."

"Pepani, mayi."

"Mukudziwa chimene ndinkanena tsiku lija?"

"Za ngalande."

"Ngalande zake ziti? Munasiya mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi patebulo. Ndinathamanga nawo. Yang'anani dzanja linalo."

A Merv anali atachiona chithunzicho kambirimbiri, koma dzanja linalo anali asanaliyang'anepo. Anangoti maso panja, kuwerenga nkhosa.

Kwa ogulitsa galimoto kunali pikapu zambiri za mtundu womwewo zitandanda, eni ake akumwa tiyi m'makapu apepala n'kumauzana zawo. Mlimi wina anati yake inkaonetsa mdima wokhawokha. Mayi wina anati yake inkaonetsa zinthu chadodolido, moti anazolowera kukhota mosemphana. Makanika, mtsikana dzina lake Shona, anakwera m'pikapu ya a Merv kuti ailowetse m'galaja, anaika rivesi, n'kuyang'ana pagalasi, kenako n'kuyang'ana mayi Glenys. Analuma mlomo.

"Seka, mwanawe, usadzipweteke," anatero mayi Glenys. "Tauni yathu yonse inaseka kale. Koma usanafufute, dikira."

Anatulutsa foni yawo n'kujambula kagalasiko.

"Mukufuna chiyani ndi chimenecho?" anafunsa a Merv.

"Ndikatumizira Bronwyn. Mwana wakhala akufufuza madokotala a ubongo chifukwa cha inu. Aone matenda ake."

Ntchito yake siinatenge nthawi. Shona analumikiza kompyuta, anasintha kachipangizo kena kumbuyo kwa galasi, ndipo ataikanso rivesi panaoneka khoma la galaja ndi ndowa ya zinyalala. Anawauza a Merv kuti ngakhale kamera ili bwino, azicheuka ndithu. A Merv anavomera kuti khosi lawo silitembenuka, ndipo aka kanali koyamba kunena zimenezi pamaso pa anthu. Mayi Glenys anati nalonso alipititsa kokakonzetsa.

Asananyamuke analowa m'sitolo ya njinga. A Merv anasankha yaikulu kwambiri pa zonse za ana, yofiira, ya belu ndi kadengu kutsogolo. Mayi Glenys anati ndi yaikulu mopitirira, iwo anati mwana amakula.

Anafika kwa Tegan dzuwa likulowa. Kamtsikana kaja, dzina lake Maisie, kanatuluka kakubisala kumbuyo kwa mayi ake. Kanayenda mozungulira njingayo, kanaliza belu kamodzi, n'kuyesa kukwera. Mapazi sanafike pansi.

"Yanga inali yobiriwira," kanatero.

"Maisie, thokoza," anatero Tegan.

"Zikomo. Koma inali yobiriwira."

A Merv anagwada movutikira, n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli sipanala yotsitsira chishalo. Tegan anapita kukafuna, ndipo mayi Glenys anakhala pa sitepe, anavula nsapato, n'kuyamba kufotokozera Maisie kuti agogo amenewa akamakonza chinthu, munthu umayenera kuimira patali.