Chingwe cha a Osward

Mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'chimanga cha ku Vubwi sabata yomwe Tiwonge anatseka foni ya alimi. Tsoka lina limachita kusankha tsiku. Foniyo inali ya bungwe lina la alimi ku Katete: mlimi amaimba, n'kusankha vuto lake, makina n'kumuyankha ndi mawu amene alangizi anajambula kale. Tiwonge ndiye ankasamala makinawo, ndipo analonjeza mokweza kuti kuika pulogalamu yatsopano ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Mapulogalamu onse a foniyo ankakhala m'gawo limodzi la pa seva, kompyuta yaikulu ija, ndipo gawolo amalitcha namespace. Kuti gawo latsopano lilowe ndi dzina lomwelo, lakale linayenera kufufutidwa. Analifufuta. Koma gawolo linangolemba kuti Terminating, kutanthauza kuti likuchoka, n'kukhala pomwepo ngati mlendo wotsanzika ali chikhalire pampando.

A Bilqis, mkulu wa ofesi, anasuzumira pakhomo.

"A Tiwonge, nanga line? Anthu a ku Sinda abwera na njinga kudzafunsa mankhwala. Niwauze chani?"

"Isebenza manje manje, amayi."

Tiwonge ananena molimba kuti foniyo igwira ntchito posachedwa, koma asakudziwa chimene chavuta. Atafufuza anapeza chimene chinagwira gawolo: finalizer, kachingwe koletsa kuti chinthu chisachoke mpaka ntchito ina itatha. Pa intaneti aliyense ankati ingodulani, kulemba mzere umodzi basi. Anthu a pa intaneti ndi olimba mtima pa katundu wa eni.

Womanga chingwecho anali a Osward, amene anaphunzitsa Tiwonge ntchito. Chaka chatha awiriwa anakangana pamsonkhano, aliyense analankhula zopyola, ndipo a Osward ananyamuka kukalima kwawo ku Vubwi. Chichokereni sanalankhulane. Tiwonge sankadziwa chimene chingwecho chinkateteza, ndipo wodziwa anali mmodzi yekha. Anayang'ana nambala yawo nthawi yaitali, manyazi ndi mkwiyo zikulimbana, kenako anaimba.

"Ndi Tiwonge, aphunzitsi."

Kunamveka mphepo ndi mbuzi.

"Mwadula kale chingwe?" anafunsa a Osward, moni osapereka.

"Iyayi."

"Mwachita bwino. Chingwecho chidikira kapulogalamu kokopera mawu a alangizi kupita kosungira. Mukadula, diski ipita ndi mawu onse. Kapulogalamuko kali kuti?"

Tiwonge anatseka maso. Anali atakachotsa koyambirira, poyesa kuti ndi zinyalala.

"Ninakachotsa."

Anadikira chipongwe. A Osward anangoseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba.

"Ndiye gawolo lidikira munthu amene munam'thamangitsa. Ndimazidziwa zimenezo. Kabwezereni, koma kunja kwa gawolo. M'kati simulowanso kanthu."

Anagwira ntchito limodzi, iwo akunena, iye akulemba, network ikudukaduka. Pena a Osward anaiwala dzina la failo, Tiwonge n'kuwakumbutsa. Pena iye anawauza njira yachidule imene sankaidziwa, iwo n'kungoti, "Ehe, chitani yanuyo." Kapulogalamuko kanadzuka, kanakopera mawu onse, kanamasula chingwe chokha. Tiwonge atayang'ananso, gawo lakale linali litapita.

Anaika gawo latsopano.

"Yatseguka! Aphunzitsi, koma munadziwa bwanji kuti ndagwidwa pamenepa?"

"Ine ndakhala ndikuimba foni yanuyo chiyambire m'mawa, ndipo itakhala chete ndinadziwa kuti ndi chingwe changa chija," anatero a Osward. "Chimanga changa chatha kubooka masamba. Makompyuta ndimawadziwa, koma mbozizi zandigonjetsa. Dulani, mwana wanga, ndifuna kuimba."

Tiwonge anadula foni. Posakhalitsa pa sikirini panaoneka foni yoyamba kulowa, nambala ya ku Vubwi, ndipo woimbayo anamvetsera yankho lonse mpaka kumapeto. Pansi pake panayamba kutsika manambala ena, a ku Sinda, a ku Mkaika, mzere osaduka.