Boti la a Chisale M'munda Mwanga

Kuyambira Lachiwiri mtima wanga sukukhazikika. Sindinauze munthu, chifukwa anthu a masiku ano ukawauza maloto, mawa ukawamva kuchigayo.

Ndinalota malemu a Chisale, mkulu wa asilikali a pamadzi uja, mnzanga wa kusukulu amene khansa inatilanda. Boti lawo linkayenda m'munda mwanga, pakati pa mizere ya mtedza, popanda ndi dontho lomwe la madzi. Yunifolomu yawo inali yoyera mbee, koma inkawakulira ngati yobwereka. Ponseponse pankanunkha dizilo ndi mankhwala a m'chipatala.

"Achemwali, kwerani," anatero akunditambasulira dzanja.

"Ine ayi, achimwene. Womwalira akakuitana sumutsatira, inunso mukudziwa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kukayikira kwanu kuja simunasiye! Chabwino, musakwere, koma chimene mwabisa m'khwapamo mukaonetse adokotala. Ine ndinachedwa."

Ndinadzidzimuka dzanja lili pachotupacho. Ana anga ndi adzukulu omwe sakuchidziwa. Kodi bamboyo ankandiitana kapena ankandibweza? Ali moyo sanandinamizepo, koma khalidwe la akufa sindilidziwa. Chitenje chopitira kuchipatala ndinasita, ndipo lero ndi tsiku lachitatu chili pampando.