Chiwongolero cha a Chimtunda

A Chimtunda analowa pagaraja ya mlamu wawo akuliza huta ngati abweretsa mkwatibwi. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala anzawo kalekale, masiku amene ankakoka mathiraki ataliatali kuwoloka malire a mayiko, m'mapiri a nkhungu ndi m'zipululu momwe phula limasungunuka masana. Tsopano anali nkhalamba ya kagalimoto kamodzi koyera, ndipo dzulo lake kagalimotoko kanali katakhula mpanda wa sukulu, ana atangochokapo kumene.

Mwana wawo wamkazi, amene anakhala nawo pampando wakutsogolo, anali atadula kale mlandu kunyumba: vuto likapezeka m'galimoto, likonzedwe, likapanda kupezeka, bambo ake asadzayendetsenso.

"Alamu, tulukani pansipo, abwera odziwa galimoto!" anakuwa a Chimtunda. "Chiwongolero chakhwefuka ichi. Ndikati kumanja, galimoto ikuyamba yaganiza kaye."

Makanikoyo anatuluka pansi pa minibasi akupukuta manja. Anali mlongo wa malemu akazi awo, ndipo awiriwa sankapatsana moni wina koma wonyozana.

"Odziwa galimoto ndi amene amagunda mipanda? Kapena mpandawo unakuthamangirani?"

"Inu mwayendetsapo chiyani? Wilibala?"

"Amalume, muone bwinobwino," anatero mwana uja, osaseka. "Musawakondere."

Mlamuyo anakweza galimoto pajeke, nagwira tayala lakutsogolo m'mbali zonse ziwiri n'kuligwedeza. Lakumanja linali nganganga. Lakumanzere linati gwede, kaphokoso kakang'ono ngati ka supuni m'kapu. Anagona chagada, nayika chikhatho pa tayirodi, kachitsulo kamene kamakankha tayala munthu akapotoza chiwongolero.

"Gwedezani, alamu."

A Chimtunda anagwedeza chiwongolero.

"Ndi aka. Mpira wake unang'ambika, girisi anatha, mchenga walowa."

"Wamva, mwanawe?" A Chimtunda anatuluka m'galimoto ngati mnyamata. "Ndinanena ine! Manja awa anatsitsa thiraki ya simenti paphiri mabuleki atapsa, anthu pansi akupemphera. Lero alephere kachitini aka?"

Anawatambasula manjawo kuti onse awaone. Lamanja linayamba kunjenjemera lokha, ndipo analiponya msanga m'thumba la jekete. Mlamu wawo anayang'ana kumbali, nayamba kufunafuna sipanala imene inali kale m'dzanja lake.

A Chimtunda anaimirira pafupi ntchito yonse, akulangiza munthu wosafuna malangizo. Mlamuyo analemba ndi choko pamene kachitsulo kakale kanalekezera, kuti matayala asapenyane ngati maso a munthu woledzera. Anamasula nati, namenya ndi hamala, kachitsulo n'kugwa. Anapotokola chatsopano mpaka pachoko paja, namanga zolimba. Galimoto itatsika pajeke, chiwongolero chinamva kukhudza kwa chala chimodzi.

Koma mumtima mwa a Chimtunda munali kanthu kozizira. Anali atagwira ziwongolero zokhwefuka zambiri pa moyo wawo, zina zoti umazipukusa ngati ukupalasa bwato, ndipo ankadziwa kuti kugwedera kochepa ngati kuja sikungaponyere galimoto kumpanda.

"Tiyeni tikaiyese," anatero mlamuyo. "Ine ndikhala pambali panu, ndione ukatswiri umene mumatibowa nawo."

Mwana uja anakhala kumbuyo. Kuseri kwa garaja kunali msewu wowongoka, wopanda maenje. Poyamba zonse zinayenda bwino, mpaka a Chimtunda anayamba kuimba mluzu. Kenako dzanja lija linayambanso. Galimoto inasendera kungalande. Anaibweza, koma anaibweza mopitirira, n'kudumpha mzere wapakati. Bambo wina wa panjinga, atanyamula mwana wasukulu, anathawira m'maudzu akutukwana.

"Bambo!"

Dzanja la mlamu wawo linali litanyamuka, lili lende pafupi ndi chiwongolero, osachigwira. A Chimtunda analiona dzanja lakudalo, la zikhadabo zodzaza girisi, likuwachitira ulemu pomwe silinayenera kutero. Anaimika galimoto pambali n'kuzimitsa injini.

Injini inkangoti tetete pozizira.

"Mwina ndi mpweya wa m'matayala," anatero mlamuyo motsitsa mawu. "Tibwerere, ndikaonenso. Nthawi zina buleki imagwira mbali imodzi."

"Alamu, bodza simulitha. Mlongo wanunso sankalitha." Anasisita chiwongolero ndi dzanja lamanzere. "Chili bwino ichi. Mwagwira ntchito."

Anatsika, nazungulira galimoto pang'onopang'ono, natsegula chitseko chakumbuyo.

"Tsika, mayi. Katifikitse."

Mwanayo anatsika akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Atakhala pampando wa dalaivala, mapazi ake sanafike pansi bwino. Anakoka kachitsulo ka pansi pa mpando kuti ausendeze kutsogolo, koma mpando unakana. Chigulireni galimotoyo, unali usanachokepo pamalo pakepo, ndipo njanji zake zinali zitachita dzimbiri.

"Amalume, wakanirira."

Mlamuyo anagwada paphula, naugunda mpandowo ndi chibakera, kenako ndi phewa. A Chimtunda, atakhala pampando wakumbuyo kwa dalaivala, anangoyang'ana kunja pawindo. Anamva chitsulo chikulira, mpando n'kutsetsereka, ndipo patsogolo pa mawondo awo panatseguka malo aakulu opanda kanthu.