Chikhomo Chotsala Padziwe

Dyness atafika kudambo anapeza zikhomo za malemu amuna ake zitazulidwa, patangotsala chimodzi. Adzukulu anali atazitenga kukamangira chisasa cha pamaliro, poyesa kuti ndi mitengo wamba.

Malemuwo, a Dominic, anaphunzitsa masamu ku Nsaru mpaka kupuma pantchito. Popeza dziwe la kudimba kwawo linkatsitsira madzi kuchitsime cha mudzi, iwo ankawaza gaga pamadzi, n'kumapenya kumene mphepo ikumukankhira, kenako n'kuwerengera pakompyuta mmene mafuta otayika angafalikire. Pamene masamu aloza, ankakhomapo chikhomo. Anthu ankati sukulu inawazunguza mutu. Ndimo mmene timachitira: wotichenjeza timamuseka akali moyo, n'kudzamulira mokweza atagona m'dothi.

Tsopano mng'ono wawo, a Lyson, anali ataika pampu ya dizilo kumtunda kwa dziwelo kuti azithirira nazale ya fodya, chinthu chimene malemuwo ankakana kwamtuwagalu.

"Alamu, pampuyi ichoke pamenepa. Madziwa amamwa anthu," anatero Dyness motsitsa mawu.

"Dziweli ndi lakwathu, alamu. Masamu a achimwene tinawakwirira limodzi ndi eni ake. Kodi fodya amamera ndi manambala?"

Dyness anali wachitengwa, ndipo ankadziwa kuti wamasiye wotsutsana ndi akuchimuna tsitsi lisanamere amaonetsedwa njira yakwawo. Koma pansi pa pampu panali pakudontha kale. Kautawaleza kopyapyala ka dizilo kanayala pamadzi, kanapindika monga amuna ake ankanenera, n'kuyamba kutsetserekera pachikhomo chotsala chija, pakamwa pa ngalande yopita kuchitsime. Kumunsiko amayi awiri ankatsuka ndowa zawo.

"Mudzanditumiza kwathu mawa," anatero Dyness. "Lero zimitsani."

A Lyson anati ndi kadontho chabe, koma maso awo anali pa amayi aja. Anawerama, nazimitsa injini.

Dyness analowa m'madzi ndi chitenje chake cha pamaliro, atanyamula mtolo wa udzu, naumangirira pachikhomocho kuti utchinge mafutawo. Pokoka luzi, dzanja lake linagunda nsonga ya mtengowo. Sinali yakuthwa. A Dominic anali ataikulunga ndi mphira wa njinga, kuti ana osewera pangalande asadzibaye.

Mfundo inali itamangika, koma Dyness sanachotse dzanja.