Thumba Lachitatu la Mtedza

"Muuzeni abwere," anatero a Verna osatembenuka, akutakasa mphika wa msuzi wa gumbo ngati wawalakwira. "Mwana sangamaponye mpira bambo ake akulowa m'manda."

Foni inali patebulo, ndipo Emile, ali ku koleji, ankamva zonse. Mayi ake, a Noella, anaikokera pafupi. Amuna awo a Clovis, mlongo wawo wa a Verna, anamwalira Lolemba ndi korona, ali okhaokha m'chipatala. Maliro anali Loweruka m'mawa. Loweruka lomwelo masana, Emile anayenera kuyamba masewero a besibolo, a mpira woponya ndi kumenya ndi chibonga, iye ngati woponya, koyamba chifikireni pa koleji. Lamulo la timu linali louma: wotuluka pasukulu, akabwerako akhale payekha masabata awiri. Ndipo anyamata ofuna kukwera pa kachulu koponyerapo anali ambiri.

"Amayi, azakhali akunena zoona," anatero Emile ndi mawu otsika. "Ndikwera basi mawa."

"Dzanja lako lili bwanji?"

"Amayi, si nthawi yake."

"Ndafunsa dzanja."

Emile anati, "Lili bwino. Lili bwino mpaka ndikuchita nalo manyazi."

A Noella anatsinzina. Chaka chathachi, iwo ndi a Clovis anali atafika kale pakati pa ulendo wokaonera timu ya Emile pamene wailesi ya m'pikapu inalengeza kuti masewero onse athetsedwa chifukwa cha mliri. A Clovis anaimika galimoto m'mbali mwa munda wa nzimbe, kenako anati, "Chabwino, dzanja likhwime. Chaka chamawa tidzakhala kutsogolo kwenikweni." Ndipo sabata yathayi, pa foni ya nesi, mpweya ukuwathera, funso lawo linali limodzi: kodi mwana amupatsa mwayi woponya Loweruka?

"Sukwera basi iliyonse," anatero a Noella. "Uponya. Ife tikaika bambo ako, kenako ndibwera."

A Verna anaika chikombe pansi mwamphamvu. "Mlamu, anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Ansembe alola anthu khumi okha."

"Ndiye ineyo ndikuti ndi zamanyazi. Clovis ndinamulera ine, mayi athu atapita. Mwana mmodzi yekhayo, osaponyako ndi dothi lomwe?"

A Noella anazimitsa foni, ngakhale nawonso sanali otsimikiza.

Mwambo wa kumanda unali waufupi. Aliyense anaima patali ndi mnzake, masiki kukamwa, osakumbatirana. Maso a a Verna sankachoka pampata umene unali kudzanja lamanja la a Noella, pamene Emile akanaima. Atabwerera kunyumba, a Noella sanavule diresi lakuda. Anangosintha nsapato, natsegula filiji. Pansi pake panali matumba a mtedza umene a Clovis anaphika okha ndi mchere ndi tsabola asanadwale, omangidwa atatuatatu ndi chingwe. Anatenga mtolo umodzi natuluka.

M'pikapu anapeza a Verna atakhala kale, chikwama pamiyendo.

"Musaganize kuti ndikupita kukaonera," anatero. "Simunagone sabata yonse. Ndikungoopa maliro achiwiri."

"Mangani lamba."

"Nanga matumba atatuwa ndi a chiyani? Tilipo awiri."

"Clovis ankamanga choncho."

Mtedza wozizira uja unafunda padzuwa, kutsogolo kwa chiwongolero, ndipo pofika kubwalo galimoto yonse inkanunkha a Clovis.

Mipando yambiri inali yokulungidwa ndi tepi. Analola makolo okha, awiri pa mwana aliyense, banja pano, banja apo. A Noella anasankha mzere wakutsogolo kwenikweni. Emile atakwera pa kachulu, anawaonekera wamng'ono ngati tsiku lija anayamba sukulu. Anakweza mwendo, dzanja linazungulira, ndipo mpira unalira phaa m'dzanja la wowakha, womenya asanasunthe n'komwe chibonga. A Noella anangopezeka ataimirira.

"Nanga akupukusiranji mutu?" anafunsa a Verna.

"Akukana mtundu wa mpira umene wowakha akumuuza kuti aponye."

"Mwano wa bambo ake uwo."

Womenya woyamba anaphonya katatu nabwerera. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anangougunda pang'ono, mpira n'kugwera m'manja mwa Emile yemwe. Makolo ochepawo anachita phokoso la bwalo lodzaza, ena akumenya mipando yopanda anthu ndi zikhatho. A Verna anatsegula thumba la mtedza, ati poti usawonongeke.

Woponya wa timu inayo, kamnyamata kowonda, zinamuvuta msanga. Anyamata a timu ya Emile anamumenyera mipira iwiri kutali, kachitatu mpira unatuluka kunja kwa mpanda, ndipo kochi wake anabwera kudzamuchotsa. Anatsika pa kachulu atazolika. Kutsidya kwa makwerero, bambo wina wovala jekete ya buluu, ali yekha, anavula chipewa n'kumachifinya m'manja. A Noella anamuona, chifukwa zaka zonsezi a Clovis anawazoloweretsa kuyang'ana kumeneko.

Chigawo chilichonse Emile ankabweza omenya onse, ndipo pang'onopang'ono makolo anayamba kuyankhula monong'ona. Kubenchi, anzake anamusiya yekha kumapeto, palibe womuyankhula.

A Verna anaumitsa nkhope. "Bwanji akumusala mwana? Akuyesa ali ndi matenda a bambo ake?"

"Ayi, alamu. Idyani mtedza."

"Ndiye amuyamikire. Taonani, chiyambireni palibe ndi mmodzi yemwe amene wamenya mpira wake."

Ananena mokweza, ndipo m'bwalo lopanda anthu mawu amafika patali. Mitu yonse inatembenuka. Mayi wina kumbuyo anabuula m'kati mwa masiki.

"Zimenezo sizitchulidwa," ananong'ona a Noella. "Mukangotchula, zimatha."

"Za ziii. Akatolika athunthu kumakhulupirira zimenezo?"

Emile atabwerera pa kachulu, womenya woyamba anaukwapula mpira, n'kudutsa pakati pa anyamata awiri. A Verna anasiya kutafuna. Wotsatira naye anamenya. Pofika chigawo chomaliza, timu ya Emile inkatsogola ndi chigoli chimodzi chokha, adani atatu ataima pa malo onse atatu kudikira kuthamangira kwawo. Panatsala womenya mmodzi woti atulutsidwe. Akaphonya, masewero atha. Akamenya, zonse zagwa.

"Ndamulodza mwana wa mlongo wanga," anatero a Verna. "Mlamu, pempherani."

A Noella sakanatha. Ankaona mapewa a Emile akukwera ndi kutsika mofulumira, ndipo anadziwa kuti maganizo a mwanayo achoka pa mpira, apita kumanda kumene sanapiteko. Ngati aluza, adzanyamula zonse ziwiri moyo wake wonse, ndipo womusenzetsa ndi iwo. Nthawi ngati imeneyi a Clovis ankaika zala ziwiri m'kamwa n'kuimba mluzu wautali wotsika kumapeto, kutanthauza kuti puma kaye.

"Mluzu uja wa Clovis," anatero a Noella. "Ine sindiutha."

A Verna anawayang'ana. "Wa Clovis? Anamuphunzitsa ndani poitana agalu kudambo?"

Anaimirira ndi diresi lawo lakuda, anatsitsa masiki, zala ziwiri m'kamwa. Mluzu unang'amba bwalo lonse, wautali, wotsika kumapeto. Emile anadzidzimuka. Anatsika pa kachulu, navula chipewa, nayang'ana kumene kunachokera mluzuwo. Kenako mapewa aja anatsika.

"Mayi, masiki," anatero mlonda.

"Dikira, iwe."

Mpira woyamba, womenya anaphonya. Wachiwiri unapita pambali. Wachitatu anaphonyanso, ndipo makolo onse anali chiimire, kupondaponda matabwa. Emile anapukusa mutu kwa wowakha, napukusanso, kenako anavomera. Mpira unabwera ngati wolunjika pachifuwa, n'kugwa mwadzidzidzi pamaondo. Chibonga chinadula mphepo.

"Watuluka!" anakuwa a Noella, makoko a mtedza akumwazika pansi. A Verna anawagwira m'khosi, onse akudumpha ngati atsikana, kuiwala malamulo onse a mliri.

Osewera sankaloledwa kuyandikira makolo. Emile anaima kuseri kwa ukonde, patali pang'ono, thukuta ndi misozi zitasakanikirana.

"Azakhali, ndinu munatchula, eti? Ndinakumvani ndili kubenchi."

"Ukanabwera kumaliro sibwenzi ndili kuno kudzakuwonongera." Anakweza masiki, napukuta maso ndi chala. "Tawaika bwino bambo ako, mwanawe. Pafupi ndi agogo ako. Iwe unali ndi ntchito kuno."

Emile anagwedeza mutu. Anagwira ukonde ndi dzanja loponyera lija, a Noella nawo anakweza lawo m'malere, mpaka kochi anamuitana.

Anthu atayamba kutuluka, pampando panatsala thumba limodzi losatsegula. A Noella analitola, nayang'ana kutsidya kwa makwerero. Bambo wa jekete ya buluu anali akadali pomwepo, kudikira mwana wake.

"Ndi la uyo?" anafunsa a Verna. "Mukumudziwa?"

"Ayi. Clovis nayenso sankawadziwa. Chiyambire Emile ali kamwana, lachitatu linali la kholo la woponya amene zamuvuta. Ankati iyeyo ndi amene ali ndi ulendo wautali wobwerera."

A Verna anayang'ana mfundo ya chingwe chija. Inali mfundo yomwe iwo ndi a Clovis ankamangira mbedza ali ana.

"Bweretsani kuno," anatero.

Anakwera makwerero pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anaima patali monga mwa lamulo, naika thumbalo pampando wopanda munthu pafupi ndi bamboyo.

"Muli tsabola wambiri," anamuuza. "Mlongo wanga sankamva zonena."