Chogwirira cha Kumiyendo

Kunyumba anasiya kumutchula dzina tsiku limene anasankhidwa kupita ku yunivesite. Kuyambira pamenepo anali Injiniya basi. Wailesi ikakana kulira, itanani a Injiniya. Mpopi ukamadontha, a Injiniya adzaone. Abale ndi otero, ukangoponda pakhomo la sukulu kwa iwo wamaliza kale. Chonsecho mtsikanayu, m'chaka chake chachiwiri, chimene ankadziwa chinali kujambula mabawuti pakompyuta, ndipo mabawutiwo ankabwezedwanso.

Chipinda chojambulira chinali m'mwamba, mawindo ake otseka poopa fumbi, fani imodzi ikungopukusa mpweya womwewo. Makompyuta anali ochepa, ophunzira ali mbwee, ndiye wofika mochedwa ankatola zotsala. Kompyuta iliyonse inali ndi nthenda yake. Ina mausi yake inkadumpha ngati chitete, ina ukangoigunda ndi bondo inkazima n'kupita ndi ntchito yako yonse. Injiniya ankakhala pa yotsalayo, khosi litauma, maso ali psuu, akukoka mizere yoyera ndi yobiriwira pa sikirini yakuda mpaka mizereyo inkamutsatira ngakhale akatsinzina m'basi.

Mphunzitsi wawo ophunzira anangomupatsa dzina loti a Bwerezani, poti mawu ena ankaoneka kuti sawadziwa. Ankafika kumbuyo kwako mwakachetechete, n'kukulanda mausi, n'kuyamba kukulitsa ngodya imodzi ya chojambula chako. Ankaikulitsa, n'kuikulitsabe, mpaka mizere iwiri imene iwe ukanalumbira kuti yakumana ioneke kuti yatalikirana.

"Apa pakhoza kudutsa njinga," ankatero osakweza mawu. "Bwerezani."

Pa mabatani onse, awiri okha ndi amene ankamumvera chisoni Injiniya. Loyamba linali lobweza m'mbuyo: ukalakwitsa umangodina ndi zala ziwiri za kumanzere, cholakwacho n'kuzimirira ngati sichinachitikepo. Lachiwiri linali la galasi. Ukajambula theka la chinthu n'kudina limeneli, theka linalo linkangotulukira mbali inayo. Zonse zimene ankajambula m'kalasi, mawilo, mabawuti, zotsekera mapaipi, zinali zofanana uku ndi uku, ndiye batani la galasi silinamuchimwirepo. Ankalikonda ngati mnzake wosadandaula.

Chimene chinkamuchedwetsa m'mawa anali abambo ake. Anayendetsa mabasi moyo wawo wonse, kenaka matenda a msana n'kuwalanda miyendo. Manja anatsala amphamvu, oti akakugwira umamva, koma pabedi analibe pogwira kuti adzidzutse. Ndiye m'mawa uliwonse amayi ankawalowetsa manja m'khwapa, Injiniya akukankha kumsana, mpaka munthu wamkulu akhale tsonga. Masana, iye ali ku sukulu, amayi ankanyamula okha. Anali atayamba kuyenda chopendekeka, dzanja lili m'chiuno, ndipo akagwetsa supuni ankayamba aiyang'ana kaye asanaganize zoitola.

Chipinda cha abambo chinali chaching'ono, bedi n'kukwana njira imodzi yokha, mbali ina itatsamira khoma. Kumutu kunali kabati ya zovala. Kumiyendo kunali windo, ndipo windo limenelo ndi limene linkawasunga. Ali chigonere ankaona msewu wonse mpaka pokhota. Madzulo aliwonse ankapereka lipoti ngati munthu wochokera ku ntchito: dalaivala uyu sadziwa magiya, lole yakuti yatha mabuleki, mwana wa pa golosale wayamba kuyenda ndi wovala jekete lofiira uja.

Anali amalume, owotcherera zitsulo kuseri kwa msika, amene anayambitsa nkhaniyo. Anapeza mlongo wawo atakhala pansi m'khitchini, akulephera kudzuka.

"Achemwali, mudzathyoka," anatero. "M'nyumba muno muli injiniya wathunthu. Ajambule chogwirira choti alamu azidzidzutsa okha. Ine zitsulo ndili nazo, moto ndili nawo. Chimene ndilibe ndi pepala."

Onse anatembenukira kwa Injiniya. Anafuna kunena kuti sanafikepo pamenepo, kuti ngakhale bawuti yake imodzi sinavomerezedwepo. Koma anali woyamba kubadwa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Anatenga tepi ya amayi yosokera n'kukagwada pambali pa bedi.

Chinthucho chinali chosavuta. Paipi imodzi yogona m'mbali mwa bedi, timikono tiwiri tolowa pansi pa bedi pomanga mabawuti, ndi mzati woimirira kumutu, wokhota pamwamba ngati chogwirira cha ambulera. Anachijambula m'nthawi zakuba, asayimenti ikatha, kapena isanathe n'komwe. Kwa nthawi yoyamba mizere ija inamukomera. Ngodya iliyonse ankaikulitsa yekha, osadikira a Bwerezani, n'kuonetsetsa kuti sipangadutse ngakhale nyerere.

Tsiku losindikiza anali atatopa kufika posamva njala. Kalasi ina inali itadzaza kale pakhomo, ndipo mnyamata wina anaima kumbuyo kwake akugwedeza mpando, akumupumira m'khosi.

"Asisi, tatiyeni, nafenso tili ndi mphunzitsi yemweyo."

Pepala lililonse losindikizidwa m'chipindamo linali ndi kabokosi pakona ya kumanja kolembamo dzina ndi mutu wa ntchito, ndipo chojambula chikakhudza kabokosiko a Bwerezani sankachiyang'ananso. Manambala a mzati uja anagwera pa kabokosi pomwepo. Kusuntha chimodzichimodzi kukanatenga nthawi imene analibe. Anasankha chojambula chonse ndi mausi n'kudina batani la galasi. Mzati unadumphira kumanzere, kabokosi n'kupuma. Manambala onse anatsala owerengeka bwinobwino, poti kompyutayo potembenuza chinthu zilembo imazisiya zili choongoka. Palibe chimene chinaoneka chachilendo. Mawu oti kumutu ndi kumiyendo sanalembepo, nanga ndani sadziwa kumene mutu umakhala? Anasindikiza n'kuthamangira basi, ataiwala kuti kuthamanga si kufika.

Amalume analandira pepalalo ndi manja awiri, atayamba apukuta m'malaya.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwotcherera za m'mutu," anatero. "Lero ndiwotcherera za papepala. Sindisinthapo ngakhale kadontho."

Analikhoma pakhoma la shedi yawo, ndipo aliyense wobwera ndi njinga yothyoka ankayamba waonetsedwa kaye ntchito ya mwana wa mlongo wawo. Loweruka anasenza chogwiriracho paphewa, chitapakidwa penti yabuluu, n'kudutsa nacho mumsewu monse akuyankha mafunso ngakhale amene sanafunsidwe. Anansi ena anawatsatira mpaka pakhonde.

M'chipinda muja anachigoneka m'mbali mwa bedi. Timikono tinalowa pansi pa bedi ngati tinabadwira pomwepo. Mzati unaima nji, wowala, wokongola, kumiyendo kwa abambo.

"Tachitembenuzani," anatero amayi.

Anachitembenuza. Mzati unafika kumutu, koma timikono tija tinaloza pakati pa chipinda, topanda pogwira. Anachibwezanso. Amalume anatulutsa m'thumba pepala lija, limene anali atalichotsa pakhoma, anayang'ana pepala, anayang'ana chitsulo, anayang'ananso pepala. Sanalakwitse paliponse, ndipo zinaoneka kuti akanakonda akanalakwitsa ndi iwo.

Injiniya anakumbukira tsiku losindikiza lija. Anaona mnyamata wogwedeza mpando uja, anaona mzati ukudumphira kumanzere. Kenaka anazindikira kuti zala zake ziwiri za kumanzere zikudina pantchafu pake, zikudinanso, zikufuna batani lobweza m'mbuyo. Anachita manyazi oti akanakonda pansi patseguke.

"Palibe vuto," amalume anatero ndi mawu otsika kuti a pakhonde asamve. "Ndikadula apa ndi apa, n'kulumikizanso. Chipsera chokha ndi chimene chidzaoneke."

"Mudule chiyani?" anafunsa abambo. "Chitsulo chili bwino. Amene wagona molakwika ndine. Nditembenuzeni."

"Bambo a Injiniya, nanga windo?" anatero amayi.

"Windo lapita kuti? Nditembenuzeni, alamu, musandiyang'ane ngati tayala lophulika."

Anawanyamula, mutu n'kupita pansi pa windo, miyendo n'kuloza ku kabati. Amalume anamanga mabawuti. Abambo anatambasula dzanja, anagwira pokhota paja, anapuma kamodzi n'kukoka. Mitsempha inatuluka m'khosi, bedi linalira, ndipo munthu anakhala tsonga popanda womugwira. Amayi anagwira pakamwa, misozi ikutsika. A pakhonde anaomba m'manja atasuzumira pachitseko.

"Mwaona?" anatero abambo, akupumira m'mwamba. "Injiniya anadziwa kuti kuno n'kumene kuli mphepo yabwino."

Masabata otsatira amayi anayamba kuongoka. Supuni ikagwa ankaitola osaganiza. Injiniya naye ankafika msanga ku sukulu n'kupeza kompyuta yamoyo. Tsiku lina a Bwerezani anakulitsa ngodya zake zonse, anayang'anitsitsa, n'kumubwezera mausi osanena kanthu. Anzake anamugwira chanza ngati wamaliza sukulu. Iye anangomva kutopa.

Chifukwa kunyumba lipoti la madzulo linali litatha. Kumene abambo ankayang'ana tsopano kunali chitseko cha kabati ndi khoma losuluka penti. Windo linali pamwamba pa mutu wawo, ndipo ngakhale akhale tsonga linkakhala kumbuyo. Galimoto ikadutsa ankatchera khutu, milomo n'kugwedera ngati akufuna kunenapo kanthu, kenaka n'kusiya. Anayamba kugona masana. Chakudya chinkabwerera m'mbale. Sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkamudya mwana wawo.

Injiniya anajambulanso chogwiriracho, ulendo uno choongoka, atalemba KUMUTU ndi zilembo zazikulu zoti ngakhale wodutsa pamsewu awerenge. Anafika nalo pepalalo dzuwa lisanalowe n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Abambo, ndinalakwitsa ndine. Ndinachitembenuza pakompyuta. Lolani amalume akadule, mubwerere ku windo lanu."

"Ndikudziwa kuti unalakwitsa. Ukuyesa miyendoyi inapita ndi maso omwe?"

"Ndiye bwanji mukukana?"

"Malume akowo anaonetsa pepala lako msika wonse. Mawa achisenzenso kubwerera nacho, anthu aziti chiyani? Ukadzayamba kumanga milatho padzapezeka wina wonena kuti ameneyu choyamba chake chinachita kudulidwa. Anthu saiwala, mwanangu." Anasisita chitsulo chija ndi chikhatho. "Ndikudzuka ndekha kapena sindikudzuka ndekha?"

"Mukudzuka."

"Mayi ako akuyenda chopendekeka?"

"Ayi."

"Ndiye pinda pepala lakolo."

Analipinda. Anafuna kukangana nawo, koma mphamvu analibe, ndipo ankawadziwa bambo ake kuti akamanga buleki amanga. Panja panadutsa basi yolira mokoka, ikuvutika ndi kachitunda ka pokhota paja. Abambo anatseka maso n'kumvetsera mpaka phokoso linazilala.

"Tanditengera kagalasi ka mayi ako," anatero mwadzidzidzi. "Kali pamwamba pa kabatipo."

Kanali kagalasi kozungulira, kapulasitiki yofiira, kong'aluka m'mphepete. Abambo atakalandira anakanyamula m'mwamba n'kuyamba kukapendeketsa, uku, uku, mpaka windo la kumbuyo kwawo linalowamo, ndi kachidutswa ka msewu kosaposa chikhatho.

"Ehe," anatero. "Ine theka la msewu ndakhala ndikuuonera pagalasi moyo wanga wonse. Taona, onse akuyenda mbali yolakwika, koma akufika."

Anaseka pang'ono. Injiniya sanathe kuseka. Posakhalitsa mkono wawo unayamba kunjenjemera, msewu n'kumathawa m'galasimo. Anasinthira dzanja lina, nalonso linatopa. Mwana wawo anawalanda kagalasiko, anaima kumiyendo pafupi ndi kabati, n'kukagwira ndi manja awiri. Khosi linkamuwawa, mapewa ali ngati wasenza njerwa, ndipo asayimenti ya mawa inali isanayambidwe. Iye m'galasimo sankaonamo kanthu, ankangoona nkhope ya bambo ake ikufunafuna.

"Kweza pang'ono. Basi. Tsopano pendeketsa kumanzere."

Anapendeketsa.

"Ayi, a Injiniya," anatero abambo mofatsa, maso ali pagalasi. "Kumanzere kwinako."