Mkeka wa M'chiuno pa Mlatho wa Sydney

Manase adawaona komaliza bambo ake ali moyo pabwalo la ndege ku Tonga, akukangana ndi mayi wa pasikelo chifukwa cha thumba la zilazi. Lidalemera mopitirira. Bambowo adachotsamo ziwiri, nkuzikumbatira ngati ana, ndipo manja otsanzikira adasowa.

"Ukabwere ndi pepala la maphunziro," adatero.

Manase adavomera. Sadawauze kuti kukoleji ku Suva adasiya kulowa m'kalasi chaka chathunthu, ndipo kuti amangobwererako poopa kuulula. Patatha miyezi inayi bambowo adagwa m'munda, osadzukanso.

Tsopano, masabata asanu chiikireni maliro, adali mu Sydney kwa tsiku limodzi, podikira basi yopita ku Griffith kokathyola malalanje. Adavala zakuda, ndipo pamwamba pake adamanga ta'ovala, mkeka wakale wothothoka m'mbali umene mwana wa womwalira amavala m'chiuno. Tsiku louvula lidali m'manja mwa azakhali ake a Kalolaine, alongo a malemuwo, ndipo adali atalitchula kale.

Msuweni wake Lisiate, mwana wa amalume ake wobadwira mu Sydney momwemo, adapempha tchuthi kuntchito kuti amuonetse mzinda.

"Koma msuweni, mkekawu ndi wovala kapena wogonera?" adafunsa ali m'sitima yapamadzi. "Ukatopa ungoyala, ine ndikulondera."

"Iwe ungadziwe chiyani? Dzina la agogo ako umalitchula ngati ukutafuna mbatata yotentha."

"Bola ine ndinamaliza sukulu."

Mawuwo atangotuluka, Lisiate adayang'ana kumadzi. Manase adangoseka pang'ono.

Adazungulira nyumba yoyera ya zisudzo yotchuka mumzindamo. Adadya nsomba ndi tchipisi, mbalame za kunyanja zikuwalanda m'manja. Mayi wina wa chipewa chachikulu adafunsa Manase kuti gule ayamba nthawi yanji, kenaka adapempha kujambulitsa naye. Iye adaima chilili mpaka mayiyo adamaliza.

"Ukanamuuza kuti ndi za maliro," adatero Lisiate.

"Ndimuuze kuti asowe pothawira? Msiye akaonetse kwawo."

Masana Lisiate adamutengera kunsi kwa mlatho waukulu, nkutulutsa matikiti awiri akumwetulira.

"Tikukwera pamwamba penipenipo. Ndinakonza usanabwere. Ukalephera kupuma usandigwire, ndilibe mphamvu zonyamula munthu ndi bedi lake."

M'kati, mtsikana wa pakauntala adawapatsa maovololo otuwa. Adafotokoza mwaulemu kuti chilichonse chimene chingagwere magalimoto pansi chitsale m'kabati: wotchi, foni, chipewa. Adayang'ana m'chiuno mwa Manase.

"Ichonso, pepani."

Manase adayesa kuvala ovololo pamwamba pa mkekawo. Zipi idafika pamchombo nkukana. Lisiate adakoka, mkeka udalira, tizidutswa take tingapo tidagwa pansi.

"Basi, vula," adanong'oneza Lisiate. "Maola atatu okha."

"Sindinaloledwe."

"Nanga posamba? Umasamba nawo?"

"Kusamba si kusangalala."

"Aise, a Kalolaine ali kutsidya la nyanja. Foni tikusiya pansi pano. Ine pakamwa panga ndatseka. Adziwa ndani?"

Manase adagwira mfundo ya chingwe chomangira mkekawo. Ankafuna kukwera. Kuyambira m'mawa maso ake adali pa tianthu toyenda pamsana pa chitsulo cha mlathowo, ndipo kanali koyamba chimwalirireni bambo ake kuti afune chinthu. Mfundoyo idali yosavuta, yongokoka kamodzi. Lisiate ankanena zoona, palibe akadadziwa. Ku Suva nakonso palibe adadziwa, ndipo zidayenda bwino kwambiri, mpaka munthu adaikidwa m'manda akudikira pepala.

Adachotsa dzanja pamfundopo, nkuvula ovololo.

"Kwera wekha. Ndikudikira pa udzu."

"Ndikwere ndekha ngati ndine mlendo? Mlathowu ndimadutsapo tsiku lililonse popita kuntchito!" Lisiate adaponya ovololo yake pabenchi. "Ndinawanamiza abwana kuti ndikuperekeza wodwala. Kani ndinanena zoona."

"Pepa, msuweni."

"Usandipepese. Amayi akamva kuti ndimafuna kukuvula, andikhazika pansi mpaka Khirisimasi." Adapukusa mutu, nkutola tizidutswa tija pansi, nkumupatsa. "Tenga. Katundu wako."

Gulu limene akadakwera nalo lidalowa pakhomo lamkati, chitseko chidatsekeka. Mtsikana uja, amene adamva zonse akunamizira kupinda maovololo, adawaitana. Adati akhoza kuwasinthira tsiku, bola likhale lenileni loti alembe.

Lisiate adatembenukira kwa Manase.

"Nena. Azakhali akowo anati uvule liti?"

"Pa 17 Meyi 2024."